Manja Awiri pa Galasi la Amalume Fabiano

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amalume anga, a Fabiano Mwale, kumanda a kwathu kufupi ndi Ludzi. Ansembe anawaza madzi odalitsa, ndipo ine m'malo motseka maso ndinali kuyang'ana mmene madziwo akuyalira pa mwala wakudawo. Eni akewo akanakhalapo, ndithu akanaimitsa mwambo kuti afunse omanga kuti mwalawo anaupaka chiyani. Sankatha kuona dontho la madzi n'kulisiya pamtendere.

Ndiyambe ndanena ndekha, kuti wina asadzandinenere kumbali: ine Kalisito, mwana wa mlongo wawo, ndili ndi nsanje. Ndili nayo pa womwalirayo, amene anaona zinthu zomwe ine ndimangozijambula pabolodi ndi choko. Ndili nayonso, yaikulu kwambiri, pa mayi wina wa ku Phalombe dzina lake Esinati, amene anapatsidwa chimene ndinkati ndi changa. Amalume manja awo atayamba kunjenjemera, analengeza kuti akufuna munthu mmodzi woti akhale manja awo. Mmodzi basi. Ameneyo adzamuphunzitsa zonse, adzamusiyira zipangizo, ndipo adzamunenerera kwa anzawo ku Joni kuti akapitirize maphunziro m'labotale momwe iwo anagwiramo ntchito. Mudzi wonse unkadziwa kuti munthuyo ndine, kupatula amalumewo.

Anali katswiri wa fizikisi. Atangobwerera kumudzi, mutu uli mbuu, anthu anamva kuti ndi a Dokotala, ndiye anayamba kuwabweretsera ana otentha thupi. Iwo ankawalozera njira ya kuchipatala, anthu n'kumabwerera akung'ung'udza kuti ndi dokotala wanji wosabaya jakisoni. Ntchito yawo inali ya pamwamba pa zinthu. Zam'kati mwa chitsulo kapena galasi analibe nazo chidwi kwenikweni. Iwo ankafufuza kakhungu kapamwamba penipeni, kopyapyala koti ngakhale mutang'amba tsitsi limodzi kambirimbiri simungafikepo. Ankakonda kunena kuti chinthu chilichonse chimakumana ndi dziko kudzera pa khungu lake, kuti dzimbiri siliyambira m'kati, ndipo kuti munthu amene sasamala zapamwamba asamanamize anthu kuti amasamala zakuya.

Chilichonse ankachigwira m'mbali. Mbale m'mbali, chithunzi m'mbali, foni m'mbali ngati yotentha. Buku la nyimbo m'tchalitchi ankalipanira ndi nsonga za zala, mpaka amayi a kwaya ankakodolana. Mayi anga, omwe ndi mlongo wawo wamng'ono, ankatsuka tambula ndi mtima wonse, kuipukuta, kuwapatsa. Iwo ankaiyang'ana padzuwa, kudonthezamo madzi pang'ono, n'kunena kuti ili ndi mafuta a zala.

"Ndiye ndizitsuka ndi mapazi, achimwene?" ankatero mayi.

"Ayi, chemwali. Tambula ndi yoyera mokwanira kumwera. Ndikungonena kuti si yoyera."

"Mukatenge zanu za ku Joni!"

Ankamwa ndithu madziwo, ndipo mawa lake ankanenanso zomwezo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kachipinda komwe agogo ankasungiramo fodya. Amalume anakapaka laimu, anaika tebulo, mashelefu ndi maikulosikopu yawo yakale, n'kugula loko. Mmenemo ankachita chinthu chimene anthu ankati ndi misala ya anthu ophunzira: ankatenga timagalasi tating'ono, kutitsuka mwa njira yawoyawo, kenako kutidutsitsa pamwamba pa lawi la kandulo mpaka tide bii ndi mwaye. Munthu wamkulu, wokwera ndege, kumadetsa magalasi dala! Koma mukadonthezapo madzi, madziwo sankanyowetsa galasilo. Ankasanduka kampira, n'kugubuduka kukagwa pansi, galasi lili gwa, louma.

Ankafotokoza kuti mwaye si utoto wosalala monga maso amatinamizira. Ndi timibulu ting'onoting'ono tosanjikizana, tokhala ndi mipata ya mpweya pakati pake, ndipo dontho limangokhala pansonga pa timibuluto osafika pansi. Tsamba la koko limachitanso chimodzimodzi, la kabichinso. Magalasi ena ankawatumiza kwa anzawo okhala ndi makina amphamvu, ndipo zithunzi zinkabwera pafoni, mwaye ukuoneka ngati mulu wa mawere. Vuto linali limodzi: mwaye ukangoukhudza umachoka. Iwo ankafuna njira yoti khungu limenelo limamatire, kuti tsiku lina malata a anthu asamadyedwe ndi dzimbiri. Imeneyo ndiyo ntchito imene anabwera nayo kumudzi, ndipo anamwalira asanaimalize.

Anayambanapo ndi alimi a kudimba chifukwa cha zomwezi. Anawapeza akupopera kabichi, mankhwala akungogubuduka pamasamba n'kuthera m'nthaka. Anawauza kuti akudyetsa nyerere, osati kupha mbozi, ndipo kuti mankhwalawo akufunika kanthu kowathandiza kuyala patsamba. Bambo wina anawayankha kuti munthu amene sanagwirepo khasu asaphunzitse anthu kulima. Amalume anathothola tsamba, kulavulirapo, malovu n'kugubuduka, iwo n'kumapita. Kulavula pa ndiwo za eni ake! Nkhaniyo inafika mpaka ku mphakati wa tchalitchi, ndipo ndine amene ndinapita kukapepesa.

Zaine ndinene pang'ono chabe. Fizikisi ndinaiphunzira chifukwa cha iwo, ndipo ndimaiphunzitsa pa sekondale yoyendera ku Kapondo. Ana awo anatsala ku Joni, alibe nazo ntchito za kuno. Ndipo kwa ife Achewa, za malume zimagwera mwana wa mlongo. Ndiuzeni, ndikanayembekeza chiyani china?

Koma amene ankatsika pa kabaza Loweruka lililonse, kachikwama kali pamsana, anali Esinati. Anatumizidwa ku Boma kudzaphunzitsa sayansi, ndipo anafika kwa amalume ulendo woyamba kudzawapempha kuti akalankhule ndi ana a m'kalasi mwake. Patapita nthawi anali ndi kiyi wakewake wa kachipinda kaja. Ine ndikabwera ndinkakhala pakhonde ngati wodzagula nkhuku, ndikumva akuseka m'katimo, nthawi zina akukangana mokweza za chinthu chimene sindinaone. Amalume sankakangana ndi munthu amene sakumuwerengera. Ine ankangondifunsa za mayi anga ndi za mvula ya ku Kapondo.

Tsiku lina ndinamumva Esinati akuti, "Amalume, kandulo yatha."

Amalume? Amalume ake a ndani? Koma abale, munthu wa ku Phalombe kudzapeza malume ku Ludzi! Chakudya cha tsiku limenelo sindinachimve kukoma.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mayiyu analibe chipongwe. Akanakhala wonyada bwenzi ndikumuda bwinobwino, mtima uli m'malo. Koma ankandipatsa moni ndi ulemu, kundionetsa zithunzi zatsopano pafoni, kundifunsa mmene ndimaphunzitsira za kuwala. Ankatha kukhala m'mawa wonse akutsuka magalasi osadandaula, ndipo likawonongeka limodzi ankayambiranso osatsonya n'komwe. Kudana ndi munthu wotero kumatopetsa, koma ndinayesetsa.

Tsiku limene mwayi wanga unatha, Esinati asanapatsidwe n'komwe kiyi uja, linali Lamulungu, titabwera ku misa. Tinali pakhonde la amalume. Mayi anga anali pamphasa akusenda mtedza, ine pampando, ndipo Esinati, amene nthawi imeneyo anali atangobwerako maulendo ochepa, anakhala pa kabenchi. Amalume analowa m'kachipinda kawo, n'kutuluka ndi mbale yovundikira. Munali timagalasi tiwiri takuda. Sananene kuti ndi mayeso. Anangotola limodzi m'mbali, dzanja likunjenjemera, n'kulitambasulira kwa ine.

"Tenga, Kalisito."

Zaka zonsezi anali asanandipatsepo chilichonse cha m'chipinda chimenecho. Ndinaimirira, ndinawerama, ndinatambasula manja onse awiri monga mwana woleredwa, n'kulandira. Galasilo linakhala pazikhatho, chala changa chachikulu chili pamwamba kuti lisagwe.

"Zikomo kwambiri, amalume."

Anangoyang'ana chalacho. Nditachichotsa chinali chakuda, ndipo pagalasipo panatsala chidindo changa, mizere yonse ikuoneka.

Kenako anatola linalo n'kulozetsa kwa Esinati. Iyeyo osaimirira n'komwe! Anapendeketsa mutu, kuliyang'ana chammbali, n'kufunsa kuti, "Mbali yopaka ndi yapamwambayi?" Atavomera, anatambasula dzanja limodzi, lamanzere, n'kulipana m'mbali ndi zala ziwiri ngati akutola chinthu chonyansa. Nkhope anaitembenuzira kumbali kuti asalipumire. Zikomo sanatchule. Mayi anga anatsonya mokweza mpaka nkhuku zinadzidzimuka.

Koma amalume anamwetulira. Mano amene ndinawaona tsiku limenelo ndinali ndisanawaonepo. Anatenga kabotolo kawo kodonthezera, n'kudontheza pa galasi la Esinati: dontho linathamanga, kugwa pansi. Anadontheza pa langa: linathamanga pang'ono, linafika pa chidindo chija, n'kuima nji.

"Simunandiuze, amalume," ndinatero.

"Iyeyunso sindinamuuze."

"Koma munthu wamkulu akakupatsa chinthu umalandira ndi manja awiri!"

"Galasi silidziwa kuti ndine wamkulu. Wakhala ukundiona ndikugwira zinthu kuyambira uli mwana, mphwanga. Lero iwe unayang'ana ine. Uyu anayang'ana galasi."

Anatenga galasi langalo, kulibwezera m'mbale, n'kuvundikira. Nkhani inathera pomwepo.

Mpaka lero sindivomereza kuti ndinalakwa. Mukudziwa amene anandiphunzitsa manja awiriwo? Ndi iwo omwe! Ndili wamng'ono anabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, anandibweretsera maginito. Ndinawatsomphola ndi dzanja limodzi chifukwa cha chimwemwe. Anandilanda, anawaika m'thumba, ndipo anandipatsanso madzulo ake nditagwada n'kutambasula manja onse awiri. Anandiuza kuti mwana wa mbumba yawo salandira ngati nyani. Ine ndinasunga mawuwo kwa zaka zonsezi, ndipo tsiku loti andipindulire ndi limene anandigwetsa. Munthu amakutchera msampha ndi chingwe chimene anakupatsa yekha?

Mayi anga sanaimeze nkhaniyi. M'mawa mwake anamanga chitenje mwamphamvu n'kupita kukaima pakhomo la kachipindako, poti m'kati sankaloledwa.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu. Mwana wanga wakulakwirani chiyani? Ulemu?"

"Sanandilakwire. Ndi mwana wabwino kuposa ana anga obereka."

"Ndiye bwanji mukupatsa mlendo cholowa cha pakhomo? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Adzakusiyani ameneyo."

"Chemwali, mlendonso ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Munda ndidzamusiyira Kalisito, nyumba ndi dzina zomwe. Koma ichi si cholowa. Ndi ntchito."

"Ndiye mumuphunzitse! Chala sichitsukika?"

"Chala chimatsukika. Koma ndikamuuza kuti ndalakwitsa, Kalisito adzati ayi amalume, simunalakwitse. Ine nthawi yandithera. Ndikufuna munthu wonditsutsa."

Mayi anabwera akulira ndi mkwiyo, ndipo anatha nyengo yonse yokolola osawatumizira achimwene awowo ngakhale dzungu. Ine ndinaganiza zopita kukawatsutsa pa chilichonse kuti aone kuti ndingathe. Nditafika ndinawapeza akuvutika kumanga zingwe za nsapato, ndinagwada, n'kuwamangira.

Esinati anapitadi ku Joni, atanyamula maikulosikopu ija ndi mabokosi a magalasi. Mayi anati, "Si ndinanena? Mame aja akamuka." Koma amalume ankayenda ndi foni m'thumba la shati, ndipo ikalira ankathamangira pansi pa mtengo wa mango pomwe netiweki imagwira, n'kumakalipirana naye za timibulu tawo mosangalala. Dzina lake litatuluka pambali pa lawo m'zolemba za akatswiri, anandionetsa ine woyamba. Ndikhulupirira ankaganiza kuti ndisangalala. Ndinati zili bwino kwambiri, ndipo pobwerera ku Kapondo ndinapalasa njinga ngati ndikuthawa njuchi.

Atadwala, amene anawanyamula kupita nawo ku chipatala cha ku Boma ndine. Kuwasambitsa ndine, kuwameta ndevu ndine, kuwatembenuza pabedi ndine. Akatsegula maso, funso loyamba linali lakuti, "Esinati wayimba?" Tsiku lina masana anandigwira dzanja. Ndinati mwina lero anena kanthu. Anatembenuza dzanjalo, anapeza chala chachikulu chija, anachiyang'anitsitsa, n'kuseka pang'ono m'mphuno. Kenako anagona. Ndinatuluka panja chifukwa sindinadziwe ngati ndilire kapena ndikwiye.

Anamwalira mvula itangoyamba. Esinati sanathe kufika pamaliro. Tsiku losesa, amayi a m'mudzi anatsegula kachipinda kaja, ine ndili kumanda ndi amuna anzanga. Anapeza magalasi akuda ali ndandanda pamashelefu, ndipo anamva chisoni kuti bambo wokalamba ankakhala ndi zinthu zauve chonchi popanda womutsukira. Anatenga phulusa ndi mchenga, n'kukwecha lililonse mpaka kuwala. Mayi anga ndi amene anatsogolera, ndipo anandionetsa monyadira ataziyanika pathandala. Sindinawakalipire. Akuluakulu anandipatsa kiyi pamaso pa anthu, ndinalandira ndi manja awiri, ndinabwezera magalasiwo m'mashelefu, n'kutseka. Chipinda chimene ndinachilakalaka zaka zonse chinali changa tsopano, mulibe kanthu.

Loweruka lija la chiliza, Esinati anabwera. Wanenepako pang'ono, koma kachikwama ndi komwe kaja. Anthu atabalalika anandipeza kuseri kwa nyumba.

"Aphunzitsi, mungandilole ndilowe m'chipinda muja?"

"Si muli ndi kiyi wanu?" ndinatero. Inde, ndinanena dala.

"Ndinawabwezera ndisanapite. Chipinda ndi chanu."

Ndinatsegula. Mayi anga anatitsatira n'kuima pakhomo, manja ali m'chiuno, kuti aone chimene mlendo atanyamule. Esinati anayang'ana magalasi owalawo, n'kutseka maso kwa kanthawi. Kenako anakoka mpando wa amalume, anakwerapo, n'kupisa dzanja pamwamba pa khoma, pansi pa denga penipeni. Anatsitsa chitini cha mabisiketi. Chaka chathunthu ndili ndi kiyi, ine osadziwa kuti pamenepo pali kanthu, koma iye anapita molunjika ngati m'nyumba mwa amake.

M'chitinimo munali mbale yovundikira ija, ndipo m'mbalemo galasi limodzi lakuda, chidindo cha chala chili pakati.

"Ili ankayambira nalo phunziro lililonse," anatero Esinati. "Aliyense wobwera kudzaona ntchito yathu ankamuonetsa ili poyamba. Ankadontheza madzi, akaima ankati, apa ndi pamene anagwira mphwanga."

"Kundiseka eti? Kuti anthu aone mmene chitsiru chimagwirira?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi. Nthawi zina ankaseka, nthawi zina ayi. Ine ndinawapempha kuti ndipite nalo, chifukwa likuonetsa bwino kwambiri vuto limene tikulimbana nalo. Anandikaniza. Zonse anandipatsa, koma ili anati ndi la Kalisito, lisachoke pakhomo pano."

Analitola m'mbali n'kulitambasulira kwa ine. Manja anga onse awiri ananyamuka okha, monga mwa chizolowezi chawo. Ndinabweza limodzi kumbuyo. Ndinapendeketsa mutu kuti ndione mbali yopaka, ndinatembenuzira nkhope kumbali, n'kulipana m'mbali ndi zala ziwiri.

"Iwe Kalisito!" anakuwa mayi pakhomo paja. "Chinthu cha malume ako ukulandira choncho? Ndinakulera ine?"

Ndinacheuka kuyang'ana pampando wa amalume ngati ndiwaona akumwetulira, koma panali fumbi ndi zidindo za mapazi a Esinati basi.

Iye wabwerera ku Joni, ndipo akuti khungu lija tsopano likumatha nyengo imodzi ya mvula pa lata lisanasupuke. Adzalimaliza, ndikudziwa, ndipo tsiku limenelo ndidzamuyamikira mtima ukundiwawa. Kachipinda kali pomwepo kuseri kwa nyumba. Fungo la fodya wa agogo labwereranso, la kandulo latha. Patebulo pali malo oyera pomwe pankakhala maikulosikopu, ndi phula louma la makandulo limene amayi aja analephera kupala. M'mashelefu muli magalasi owala, oti mukadonthezapo madzi amangoyala ngati pa mbale iliyonse. Lakuda latsala limodzi. Dzulo ndinapita ndekha, ndinadonthezapo ndi kabotolo kawo. Dontho linathamanga pa mwaye wonsewo osaugwira, linafika pa chala changa, n'kuima. Ndinadikira kuti wina anene kanthu, ndipo linauma lili pomwepo.